Mapilitsi Ogonetsa ndi Makina Opumira Usiku

Amayi anzathu, ambiri a ife timagona pafupi ndi munthu woliza mkonono. Koma ulipo mkonono wina umene uli matenda: munthu amaleka kupuma kwa masekondi 10 kapena kuposa, kenaka nadzidzimuka ngati wotsamwa, ndipo zimachitika kambirimbiri usiku umodzi. Chifukwa chake n'chakuti minofu ya kummero imafooka m'tulo nitseka njira ya mpweya.

M'chaka cha 1981, dokotala Colin Sullivan wa ku Sydney, ku Australia, anaonetsa makina otchedwa CPAP, amene amapopera mpweya m'mphuno kudzera m'masiki kuti mmero usatsekeke. Masiku oyamba masikiyo imasautsa, tulo sitibwera, ndipo apa m'pamene chifundo chimatithamangitsa kukagula mapilitsi ogonetsa.

Tisatero ayi. Mankhwala monga diazepam amafooketsa minofu yomweyo ya kummero, ndiponso amagonetsa munthu kwambiri kotero kuti sadzuka msanga mpweya ukamthera. Masiki ikachoka usiku, kapena magetsi akazima, ngoziyo imakula. Moŵa nawonso umachita chimodzimodzi.

Nthaŵi zina dokotala amapereka mankhwala ena kwa masiku oŵerengeka oyambirira, koma zimenezo tiŵasiyire iwo. Mbali yathu ndi iyi: tiŵalimbikitse abambo kunyumba, kapena ife eni ngati odwala ndife, kuvala masikiyo masana kwa kanthaŵi pomvera wailesi, mpaka kuzoloŵera. Ikamatulutsa mpweya m'mbali kapena kupweteka pamphuno, tibwerere nayo kuchipatala akaione.

Tileze mtima milungu yoyambayo, amayi, tulo tidzabwera tokha.