Moto suyang'ana nambala ya stand

Zikomo posiya malonda anu pang'ono. Nidziwa kuti mukakhala pano kasitomala apita kwa mnzanu, ndiye sinizacedwa.

Niyambe na funso. Nikakufunsani kuti caka ca mawa zinthu mu Zambia zizakhala bwino, ambili muzapukusa mutu. Muzakamba za mtengo wa unga, za malaiti, za transipoti yobweletsa tomato ku Soweto. Koma nikafunsa kuti nanga malonda anu imwe, muzayankha kuti, "Aa, ine nizakwanitsa cabe." Manje ngati tonse tizakwanitsa, amene azagwa ndani?

Maganizo amenewa ali na dzina. Akatswili amawacha kuti optimism bias, kutanthauza cizolowezi cokhulupilila kuti zabwino zizabwela kwa ine, zoipa zizagwela wina. Mu 1980, Neil Weinstein wa pa yunivesiti ya Rutgers ku America anafunsa ana a sukulu opitilila 200 za tsogolo lao. Ambili anati mwai wao wokhala na nyumba yaoyao ni waukulu kupambana wa anzao, ndipo kucotsedwa nchito, kutha kwa cikwati kapena matenda a mtima, zimenezo n'za ena. Koma sizingatheke kuti onse apambane anzao. Mu 2011, Tali Sharot wa ku University College London na anzake anapeza cina: munthu ukamuuza kuti ngozi ni yocepa kupambana mmene anali kuganizila, amavomela mwamsanga. Ukamuuza kuti ni yaikulu, amasintha pang'ono cabe. Khutu limakonda nkhani yokoma.

Sinikamba kuti ciyembekezo n'coipa. Popanda ico, ndani angauke 04:00 kukaoda masamba? Ndani angatsegule belo ya salaula asanaone zamkati? Ciyembekezo ndiye capital yoyamba ya wamalonda. Vuto imabwela pamene citseka maso.

Kumbukilani pa 4 July 2017, pamene City Market inapsa mbandakuca. Usiku umenewo anthu anakhoma ma stand ao monga masiku onse. Onse anali atamvapo za misika ina imene inapsa, koma ndani anaganiza kuti mawa ni iye? Kumbukilaninso kolela. Kumayambililo a 2018 misika inatsekedwa, asilikali anacotsa ogulitsa m'miseu. Tinati taphunzila. Mu January 2024 Heroes Stadium inasanduka cipatala, masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo pa mlili wonsewo anthu opitilila 700 anamwalila m'dziko muno. Maboma anali awili osiyana, koma matenda ni amodzimodzi. Pakati pa zaka zimenezo, ni angati a ife tinapita pamodzi kukafunsa za ngalande na zimbudzi? Aliyense anati pa stand yanga ni paukhondo, kolela ni ya ku komboni kwina.

N'cimodzimodzi na kaloba. Mutenga K1,000, mubweze K1,500 kumapeto a mwezi. Mudziwa bwino anzanu amene anatengeledwa filiji na TV cifukwa ca nkhongole yotele. Koma mumtima mukuti, "Uja sadziwa bizinesi, ine nizabweza." Ngakhale mu cilimba, tonse tinamvapo za munthu amene analandila n'kusowa, koma timati gulu yathu ni ya anthu a kuchechi, ndiye palibe cifukwa colembelana.

Mankhwala ake ni osavuta. Musadzifunse kuti, "Kodi ine nizakwanitsa?" Yankho izakhala inde nthawi zonse. Funsani kuti, "Pa anzanga khumi amene anacita zimenezi, ni angati zinawayendela?" Nambala imeneyo ndiye yanu. Mukafuna kuona ngozi yanu, yang'anani stand ya pafupi.

Manje lekani nikambe za ife andale, cifukwa matenda amenewa sitinapulumuke. Wandale akaima pa nsanja n'kunena kuti m'miyezi yocepa unga uzachipa, nthawi zina sakunama dala. Amakhulupilila kuti amene analephela anali ofooka, iye ndiye wanzelu. Imwenso mumakhulupilila, cifukwa khutu lifuna yokoma. Ndiye nikupemphani, ngakhale ife a cipani cotsutsa tikabwela na malonjezo, musatiombele m'manja msanga. Tifunseni mafunso atatu: ndalama zizacoka kuti, nchito izatha liti, ndipo amene anayesa kale analephela cifukwa ciani? Tikayamba kuzungulila, mwadziwa kale.

Nili na zopempha zitatu. Coyamba, ndalama ya capital isamagone mu stand. Ikani ku mobile money kapena kubanki, ndipo za cilimba lembelanani m'buku, aliyense asaine. Caciwili, levy mumalipila. Mvula isanayambe mu November, pitani na komiti yanu ya msika, osati mmodzimmodzi, mukafunse kuti zozimila moto zili kuti, mawaya a malaiti anawaona liti, madzi na zimbudzi zili bwanji. Tengani lisiti, lembani tsiku limene akulonjezani. Cacitatu, onani kuti NRC na voter's card zili pamalo abwino. Ambili amati, "Ena azavota, ine nigulitse." Nayenso mnzanu akuganiza cimodzimodzi za imwe.

Amai amene mugulitsa kapenta, atate a ma hardware, moto ukayamba suyang'ana nambala ya stand, ndipo madzi a m'ngalande safunsa kuti muli cipani citi. Pitilizani kuyembekezela zabwino, koma vuto ya mnzanu muziiwelenga monga yanu.