Matimati Aafupi M'thumba: Mau kwa Alimi a kwa Nyampande

Chilala cha 2024, monga chija cha 1992, chinaumitsa zitsime zambiri m'madimba kuno ku Petauke ndi Nyimba. Komabe ndiwo tingalime pakhomo pomwe.

Tengani thumba lakale la feteleza, muliboole pansi. Thiranimo zidebe ziwiri za dothi ndi chimodzi cha manyowa owolerana. Okani mbande imodzi yokha. Sankhani Roma kapena Rodade, pakuti mitundu imeneyi siitalika ngati Money Maker. Kamtengo kamodzi kakwanira kuchirikiza. Thirirani m'mawa patsinde, osati pamasamba, ndipo phimbirani ndi udzu kuti chinyontho chisathawe.

Chenjerani apa: matimati amenewa amapsa nthawi imodzi, n'kutheratu. Choncho okani thumba lina pakapita milungu itatu iliyonse. Ndipo tchingani ndi minga, mbuzi zathu mukuzidziwa.