Kusokerera mikanda pa nsalu yotamuka: mawu a pa msonkhano wathu wa pachaka

(M'munsimu muli mawu amene adalankhula mayi wina yemwe adaphunzira pasukulu pathu pano, ndipo tsopano amasoka zovala pa Liwonde. Tawasindikiza onse potsatira pempho la mamembala amene sadathe kufika pa msonkhanowo.)



Pamene a Mlembi adandilembera kalata yondipempha kuti ndidzalankhule za ntchito yanga ndidadabwa, chifukwa pakati pathu pali madokotala, maloya ndi ena ogwira ntchito zikuluzikulu m'boma, pomwe ine zida zanga ndi singano ndi ulusi basi. Komabe ndidavomera popeza ndili ndi ngongole ndi sukulu ino, ndipo mundilole ndiyambe ndi kuulula ngongoleyo.

Zaka zitatu zapitazo aphunzitsi oyang'anira gulu la magule a makolo adandipempha kuti ndisokere atsikana 12 zovala zokavinira pa mpikisano wa masukulu. Ndidagula masikipa otamuka pa kaunjika, ndidagulanso mikanda yofiira, yoyera ndi yakuda, n'kuisokerera m'mizere yowongoka kuzungulira m'chiuno monga momwe ndikadachitira pa chitenje. Zili patebulo, zovalazo zidali zokongola kwabasi. Koma tsiku la mpikisano, ng'oma itangokolera, ulusi wa mtsikana wotsogolera udaduka ndipo mikanda idamwazika bwalo lonse. Anzake, poti ankavina opanda nsapato, adayamba kuponda mwamantha, gule n'kuzizira. Mwanayo adatuluka m'bwalo akulira. Wolakwa ndidali ine, chifukwa ndidasoka nsalu imene khalidwe lake sindinkalidziwa. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufunsa, kuwerenga ndi kuyesa, ndipo zomwe ndapeza ndi zimene ndabwera nazo lero.

Poyamba tikumbutsane kuti mkanda si mlendo kuno. Ayao, amene gulu lawo lina lotchedwa Amachinga lidapereka dzina ku boma lathu lino, ankayenda maulendo ataliatali opita ku Kilwa ndi madoko ena a m'mphepete mwa nyanja ya Indian. Ankanyamula minyanga ya njovu, ndipo, zomvetsa chisoni, ankapitanso ndi akapolo. Pobwerera ankabwera ndi nsalu, mfuti ndi mikanda ya galasi. Yambiri mwa mikandayo inkapangidwa ku Venice m'dziko la Italy ndi ku Bohemia, komwe lero ndi dziko la Czech Republic, ndipo mzinda wa Jablonec kumeneko udakali wotchuka ndi ntchitoyi. Ngakhale David Livingstone, amene adafika pa nyanja ya Chilwa m'chaka cha 1859, pa maulendo ake ankagula chakudya ndi nsalu ndi mikanda. Choncho agogo athu adadziwa kutunga mkanda kalekale sukulu ino isanamangidwe.

Chachilendo ndi nsalu yotamukayi. Ulusi wake, umene amautcha spandex kapena Lycra, adaupanga ndi katswiri wina dzina lake Joseph Shivers pa kampani ya DuPont ku America m'chaka cha 1958. Ulusi umenewu umatha kutamuka kasanu kutalika kwake n'kubwereranso mwakale, n'chifukwa chake amausakaniza pang'ono chabe ndi thonje kapena poliyesitala. Amene tidaphunzira kusoka m'masiku a Home Economics sitidaikhudzepo nsaluyi m'kalasi. Tinkasoka kaliko ndi nsalu za kwa David Whitehead, ndiponso mukumbukira kuti lamulo la kavalidwe la mu 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauzi kufikira pamene lidachotsedwa mu 1993. Lero msika wa pa Liwonde, pa Ntaja ndi pa Balaka wadzaza ndi masikipa ndi mataiti otamuka, ndipo ana athu amawakonda povina chifukwa ndi opepuka, sagwira thupi potembenuka, komanso ndi otsika mtengo.

Vuto lagona apa: nsalu imatamuka koma ulusi wosokera sutamuka. Mukasokerera mikanda mumzere umodzi wautali nsalu ili chikhalire, wovalayo akangoikoka kuti idutse m'mapewa kapena m'chiuno, mphamvu yonse imagwera pa ulusi. Ulusiwo ukakhala wofooka umaduka, ukakhala wolimba umang'amba nsalu kapena chovala chimakana kulowa. Izi ndi zimene zidandichitikira ine.

Anzathu a ku Egypt adalimbana ndi vuto lofanana ndi limeneli kalekale. Kumeneko kuli gule wa amayi wodukula chiuno amene adatchuka kwambiri mayi wina, Badia Masabni, atatsegula nyumba ya zisangalalo mumzinda wa Cairo m'chaka cha 1926. Ovina odziwika monga Samia Gamal ndi Tahia Carioca adavinapo m'gulu lake. Chovala cha gule ameneyu chimatchedwa bedlah, ndipo lamba wake amakhala wolemera ndi mikanda ndi mphonje. Mavalidwe awo si athu, ndipo sindikunena kuti titengere. Chimene ndidaphunzira kwa atelala a zovala zimenezi n'chakuti mikanda yolemera amaisokerera pa lamba wolimba wosatamuka, pomwe pa nsalu yotamuka amaikapo yochepa ndiponso mosamala. Kuchokera pamenepo ndidapeza njira zitatu zimene ndikugwiritsa ntchito.

Njira yoyamba, imenenso ili yosavuta kwa wophunzira, ndi ya chigamba. Dulani kansalu kolimba monga kaliko kapena jinzi yakale m'maonekedwe amene mukufuna, kaya duwa, tsamba kapena nsomba. Sokererani mikanda yanu yonse pa kansaluko, pindani m'mphepete, kenako muphatike chigambacho pa sikipa. Pakati pa chigamba china ndi chinzake siyani mpata wa zala ziwiri kapena zitatu, kuti nsalu ipeze potamukira. Ubwino wina ndi wakuti sikipa ikatha mumangosomola chigambacho n'kuchiika pa ina.

Njira yachiwiri ndi yosokerera pa nsalu yeniyeniyo, koma itakokedwa kale. Yezani chiuno kapena chifuwa cha wovalayo ndi tepi, ndipo mudule katoni yolimba kapena thabwa lopyapyala limene m'lifupi mwake ndi theka la muyezo umenewo. Mukaveka sikipa pa katonipo, nsalu imakhala yotamuka monga momwe idzakhalire pathupi. Jambulani maluwa anu ndi choko nsalu ili choncho. Posoka, tungani mikanda itatu kapena inayi yokha, lowetsani singano pansi, muitulutse kumbuyo kwa mikanda iwiri yomaliza, muipyoze kachiwiri, kenako mutunge ina. Mukasoka utali wa chala chimodzi mangani mfundo kuseri. Mukatero, ulusi ukaduka pamagwa mikanda yowerengeka, osati mzere wonse. Mizere yanu ikhale yokhotakhota ngati mano a sowo kapena njira ya njoka, pakuti mzere wokhota umawongoka nsalu ikakokedwa, pomwe wowongoka kale ulibe kothawira. Dziwaninso kuti nsalu zambiri zoterezi zimatamuka kwambiri cham'mbali kusiyana ndi cham'litali, motero mizere yotsika kuchokera paphewa ndi yodalirika kuposa yozungulira thupi. Mukachotsa chovalacho pa katoni chidzaoneka chokwinyika pang'ono. Musade nkhawa, chimawongoka munthu akavala.

Njira yachitatu ndi ya mphonje, zija zimagwedezeka wovina akamadukula. Mphonje musazilendeweretse pa nsalu yotamuka, chifukwa kulemera kwake kumaikokera pansi mpaka kuiboola. Sokani lamba wapadera wa nsalu yolimba yopinda kawiri kapena katatu, womanga ndi zingwe kapena ngowe, ndipo mphonje zilendewere pamenepo. Popanga chingwe chimodzi tungani mikanda mpaka utali umene mukufuna, dumphani mkanda womaliza, bwererani ndi singano m'mikanda ina yonseyo kufikira pa lamba, n'kumanga mfundo. Chingwe chilichonse chikhale ndi mfundo yakeyake. Musakoke kwambiri, pakuti mphonje yothina imauma ngati kamtengo ndipo siyenda ndi ng'oma.

Ndinenepo za zipangizo. Ulusi wa thonje umaguga msanga ndi thukuta, choncho gwiritsani ntchito wa poliyesitala kapena nayiloni, muupinde pawiri, muupake phula la njuchi kuti usapotane. Chingwe cha asodzi chija choonekera mkati n'cholimba ndithu, koma mfundo zake zimamasuka ndipo nsonga zake zimabaya khungu. Singano za mikanda ndi zopyapyala, za nambala 10 kapena 12. Mikanda ing'onoing'ono nayo ili ndi manambala, ndipo nambala ikamakula mkanda umachepa: wa 11 ndi waung'ono kuposa wa 8. Pa zovala zovinira ndimakonda wa 8 chifukwa bowo lake limalola singano kudutsa kawiri, ndiponso umaonekera patali. Mikanda yaitali yonga timapaipi ili ndi milomo yakuthwa imene imadula ulusi, motero muziika kamkanda kozungulira uku ndi uku. Ya galasi imawala bwino koma ndi yolemera, ya pulasitiki ndi yopepuka koma ina imasuluka. Musanasoke, viikani mikanda ingapo m'madzi a sopo usiku umodzi. Madzi akasintha mtundu, mikanda imeneyo idzadetsa chovala. Pomaliza phimbani mfundo zonse kuseri ndi kansalu kofewa kotamuka kuti zisakande mwana.

Kasamalidwe nako n'kofunika. Zovalazi zichapidwe ndi manja m'madzi ozizira, osazifikisa pamwala, osazipotokola, osathira mankhwala oyeretsera nsalu. Ziyanikidwe zoyala pamphasa pamthunzi, chifukwa dzuwa lathu la kuno ndi simbi yamoto zimapha mphira wa m'nsalu. Posunga muzipinde m'bokosi, musazipachike pamsomali.

A Wapampando, ndikudziwa kuti ena mwa makolo akamva mawu akuti mikanda amayamba kuda nkhawa, pakuti pa mwambo wathu mikanda ya m'chiuno ndi nkhani ya m'nyumba, yosayenera kuonekera pabwalo. Nkhawayo ndi yomveka, ndipo kuno kwathu, kumene Asilamu ndi Akhristu timalera ana pamodzi, tiyenera kuilemekeza. Mikanda imene ndikunena ndi yokongoletsa chovala, yosokerera pamwamba pa nsalu, mwana atavala modzilemekeza ndi chitenje chake. Gule aliyense ali ndi chovala chake. Beni, amene adayambira m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja monga Lamu ndi Mombasa ndi kufalikira kuno itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amavinidwa ndi zovala zonga za asilikali, ndipo palibe amene angaike mphonje pa jekete la beni. Chomwechonso pa manganje ndi likwata tiyambe tafunsa amayi akuluakulu a m'midzi yozungulira sukulu ino kuti choyenera n'chiti, tisanagule mkanda ndi umodzi womwe.

Tsono pempho langa nali. Gulu la magule la sukulu yathu lidakali kubwereka zovala nthawi zonse likaitanidwa. Ine ndikudzipereka kumabwera Loweruka loyamba la mwezi uliwonse kudzaphunzitsa ana amene angafune, atsikana ndi anyamata omwe, popanda malipiro. Koma mutu umodzi susenza denga. Amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni, kumene mikanda ndi singano zake zimapezeka mosavuta, titumizireni kudzera kwa a Msungichuma. Amene muli ndi masikipa ndi majinzi amene ana anu adawakula, musawataye. Amene mudali akatswiri pa phunziro la zosoka, ndipo ndikukuonani mwakhala kumbuyoko, bwerani tidzathandizane. Tikayamba mwezi wamawa, malamba 12 adzakhala atatha mpikisano wa chaka chamawa usanafike.

Phindu lake silithera pabwalo la gule. Tonse tikudziwa kuti si mwana aliyense wolemba mayeso a Fomu 4 amene amapeza malo ku koleji kapena ntchito ya muofesi. Mwana wodziwa kukongoletsa zovala za akwati, za aperekezi, za makwaya ndi za magule sagona ndi njala, ndipo akafuna kupitiriza angathe kukalowa maphunziro a ntchito zamanja amene bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira. Mpamba woyambira ndi wochepa: singano, ulusi ndi kabotolo ka mikanda.

Mtsikana uja adatuluka m'bwalo akulira adamaliza sukulu, ndipo tsopano amabwera kushopu kwanga kudzaphunzira. Lamba amene ndaika patebulo la a Mlembiyo adasoka ndi iyeyo, pamodzi ndi sikipa ya zigamba ili pambali pake. Tikamatuluka mudutse pomwepo, muikoke sikipayo mmene mungathere, muone ngati pagwe mkanda. Pomwepo palinso pepala loti mulembepo dzina lanu ndi chimene mungathandize.