Ulendo wa ku Nyanja ndi Ngongole Yathu ya Mitengo

(Awa ndi mawu amene mmodzi wa ife, wa m'kalasi yomwe inamaliza Fomu 4 mu 1979, analankhula pa msonkhano wa chaka chino wa ophunzira akale. Tawasindikiza monga anawalankhulira kuti amene sanabwere amve nawo.)



A komiti atandipempha kuti ndilankhule lero ndinayamba ndakana, chifukwa pakati panu pali madokotala, maloya ndi abusa amene pakamwa pawo ndi pozolowera. Koma atandiuza kuti ndingofotokoza za ulendo umene tinayenda anthu atatu m'mwezi wa Epulo ndinavomera, popeza ulendowo unandisiyira katundu amene sindingathe kumusenza ndekha.

Ambiri a m'kalasi yathu mukumukumbukira mnzathu uja wa ku Chintheche. Mwezi wa Juni ukafika, chisanu cha kuno chitagwira, iye ankagona atavala juzi ndi masokosi, ndipo m'mawa ankatiuza kuti anthu a nzeru zawo sangamange mudzi pamalo otere. Ankatinyoza kuti ife a kumapiri timadziwa kachewere basi, nsomba timaidziwa itauma kale. Tsiku lomaliza mayeso tinamulonjeza kuti tidzapita kwawo kukaona nyanja imene ankatitamira. Zaka zoposa 40 zinadutsa lonjezo lili chikhalire. Tinkakumana pamaliro ndi pamaukwati ku Lilongwe, n'kumati chaka chamawa. Kenaka m'mwezi wa Malichi alamu athu anaimba foni kunena kuti mnzanuyu sakupeza bwino, ngati mukufuna kudzacheza naye bwerani msanga.

Tinanyamuka pa Dedza boma mbandakucha, nkhungu itakuta phiri. Tinatsata msewu wa M1 cha kum'mwera, ndipo pa Masasa tinakhotera kumanzere kulowa msewu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti. Aphunzitsi athu a jogalafe ankatiphunzitsa za chigwa chachikulu cha Rift Valley pa bolodi, ife n'kumakopera m'makope osamvetsa. Pa Khwekhwerere munthu amamvetsa ndi makutu ake, chifukwa amatsekeka. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, nsonga ya phiri la Dedza ili pa mamita 2,198, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500. Ndiye kuti pa ola limodzi lokha mumatsika mamita oposa 1,000, msewu ukukhotakhota ngati njoka. Woyendetsa wathu, amene ali pompano ndipo sindimutchula, ankadalira mabuleki m'malo mwa giya, mpaka tinamva fungo la chinthu chopserera. Tinaima pambali kuti azizire, ndipo ndi pamenepo pamene tinaiona nyanja koyamba, kutali, ikunyezimira ngati lata latsopano.

Pofika ku Golomoti majuzi onse anali atavulidwa. Kumeneko ndi kumene kumayambira milambe. Mwana wokulira kuno kumapiri amadziwa malambe a pamsika, koma mtengo wake sauona, chifukwa mlambe sufuna chisanu. Tinaima pa mlambe wina waukulu pafupi ndi msewu, atatufe tinagwirana manja kuti tiuzungulire, koma sitinafike ndi theka lomwe. Ana amene ankaweta mbuzi pamenepo anatiseka kwambiri. Mlambe umasunga madzi m'thunthu mwake, ndiye chifukwa chake chilimwe sichiuopsa. Khungwa lake amapota zingwe, masamba ake anthete ndi ndiwo, zipatso zake ndi chakumwa. Akatswiri amene anayeza milambe yakale kwambiri ya kuno kum'mwera kwa Africa anapeza kuti ina inapitirira zaka 2,000. Koma mu 2018 analengezanso kuti mwa milambe 13 yakale koposa, 9 inali itafa kapena kuyamba kugwa m'zaka zowerengeka chabe. Ngakhale mtengo umene timauyesa wosafa uli ndi malire ake.

Titalowa msewu wa M5 tinapatukira ku Mua, kumene ansembe a White Fathers anatsegula mishoni mu 1902. Pamenepo pali malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, osungirako mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ndikulimbikitsani kuti mukapite ndi adzukulu anu. Ine chimene chinandigwira mtima ndi mthunzi wa pamalopo. Mitengo ya pamishoni inakula chifukwa panali anthu oiyang'anira, pamene zitunda zina zimene tinadutsa zangotsala zitsa, ndipo m'mbali mwa msewu muli matumba a makala ondandalika.

Titadutsa Mtakataka ndi Chipoka tinawoloka mtsinje wa Linthipe tisanalowe m'tauni ya Salima. Anzanga, Linthipe ndi mtsinje wathu, magwero ake ali m'boma lino la Dedza. Madzi ake anali ofiira ngati phala la mawere. Mmodzi wa ife anati, "Taonani minda ya kwathu ikupita kunyanja." Tinaseka, koma sizinali zoseketsa. Phiri likavulidwa mitengo, mvula imakokolola dothi, dothilo limakathira m'nyanja, n'kukwirira malo amene nsomba zimaswerana. Nkhwangwa ya pa Dedza imakachepetsa ndiwo za msodzi wa ku Salima amene sanafikepo kuno.

Kuchokera pa Salima msewu umalunjika kumpoto. Tinadutsa minda ya mpunga ndi migwalangwa, tinaima pa Chia kugula chambo chimene tinachimangirira kutsogolo kwa galimoto monga amachitira aliyense, ndipo tinafika ku Nkhotakota dzuwa litapendeka. Kumeneko tinakaona mkuyu uja umene pansi pake David Livingstone anakambirana ndi Jumbe mu 1863 za malonda a akapolo. Anthu ambirimbiri anawolotsedwa nyanja kuchokera pa doko limenelo kupita ku Kilwa, osabwereranso. Jumbe anapita, Livingstone anapita, atsamunda anabwera n'kupita, koma mtengo ulipo, ndipo ana asukulu amaphunzira mbiri ya dziko lawo ataima pansi pake.

Tinagona komweko. M'mawa mwake tinaona chinthu chimene mnzathu ankatiuza ife osakhulupirira: utsi wakuda utaima pakati pa nyanja ngati kukupsa tchire. Asodzi anatiuza kuti si utsi koma nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi, ndipo tikafika kumtunda amayi amatikola ndi malichero n'kukonza ndiwo. Tinawoloka Bua, mtsinje umene mpasa zimakwera kukaswa, wodutsa m'nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota. Nkhalango imeneyo inatsala pang'ono kutha nyama, koma mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Ndikunena zimenezi kuti tidziwe kuti chinthu chowonongeka chimatha kubwerera, pakapezeka anthu ochikakamira.

Titapitirira minda ya nzimbe ya ku Dwangwa dziko linasintha. Mapiri anayandikira nyanja, msipu unachuluka, mchenga wa ku Kande unali woyera ngati ufa. Tinaima pa Bandawe, pamene a mishoni ya Livingstonia anasamukira mu 1881 atachoka ku Cape Maclear, asanakwere ku Khondowe mu 1894. Manda a amishoni amene anafa ndi malungo adakalipo. Madzulo ndithu tinafika kwa mnzathu.

Tinamupeza atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, atawonda kwambiri, koma pakamwa pali pomwe paja. Mawu ake oyamba anali akuti, "Mwachedwa pang'ono, anthu a kachewere inu." Alamu anatiphikira kondowole, ndipo iye anaseka mpaka kutsokomola poona mmene tinkalimbanirana naye.

Mwina ena simudziwa kuti mnzathuyu atachoka pano anakaphunzira za nkhalango ku Chongoni, ndipo zaka zake zambiri anagwira ntchito ku Chikangawa. Tsiku lachiwiri anaumirira kuti timunyamule pa galimoto akatiwonetse dziko lake. Tinalowera cha ku Nkhata Bay, kudutsa nkhalango ya Mkuwazi ndi minda ya mitengo ya mpira ya ku Vizara, kumene anyamata amagulitsa mipira yopangidwa ndi utomoni wa mitengoyo. M'nkhalango anatiimitsa, osatsika, n'kumatilozera mitengo pawindo, uwu ndi wakuti, uwo ndi wakuti, ina yaitali mwakuti chipewa chimagwa poyang'ana nsonga. Ine ndinamuonetsa zithunzi za pafoni zimene mdzukulu wanga anatumiza kuchokera ku California, za mitengo ya redwood ya m'mbali mwa nyanja yaikulu, yotalika kuposa mamita 100. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati nawonso kumeneko anadula yambiri, yakale yeniyeni inangotsala pang'ono, ndipo imene mukuionayi ilipo chifukwa anthu ena anaimirira n'kunena kuti basi.

Pobwerera anandifunsa funso. Mukukumbuka kuti m'masiku athu kunali tsiku lobzala mitengo m'mwezi wa Januwale, ndipo sukulu yonse inkatuluka ndi makasu. Kalasi yathu inabzala chigawo chake, ndipo iyeyu ndiye ankatikalipira tikakwirira mbande mopotoka. Anandifunsa kuti, "Kodi mitengo yathu ija ilipo?" Anzanga, ine ndimakhala makilomita ochepa kuchokera pano, koma sindinathe kumuyankha. Ndinali ndisanapiteko kukaona chichokereni. Ndinamuuza kuti ndikafika ndikaona ndipo ndidzamuimbira.

Ulendo wobwerera tinakwera ku Mzuzu n'kudzera M1 kuti tione Chikangawa. Boma linayamba kubzala paini wochuluka kumeneko mu 1964, mahekitala oposa 50,000, ndi cholinga chodzamanga fakitale ya zopangira mapepala ku Chintheche, koma fakitaleyo sinamangidwe. Amene munadutsako kale mukukumbuka mdima wa paini mbali zonse za msewu ndi fungo lake. Ife tinapeza malo ena abzalidwanso bwino, koma malo ambiri ndi zitunda za udzu ndi zitsa zopserera. M'galimoto munali zii mpaka ku Jenda.

Nditafika kuno ndinapita kukaona chigawo chathu chija. Ndinapeza mitengo yowerengeka, yotsalayo inapita, ina kunkhuni, ina kumatabwa, ina ndi moto wolusa. Sindikuloza munthu chala, chifukwa nanenso ndimaphikira makala magetsi akazima, ndipo denga la nyumba yanga ndi la matabwa a paini. Ndinazengereza kuimba foni posowa poyambira. Mnzathu anatisiya m'mwezi wa Juni ndisanamuyankhe.

Tsono pempho langa ndi ili, Bambo Wapampando. Chaka chilichonse timasonkha ndalama za penti, mabuku ndi mipira, ndipo n'zofunika. Ndikupempha kuti chaka chino tiwonjezere nazale ya mitengo. Tikafesa m'machubu mwezi wa Ogasiti kapena Seputembala, mbande zidzakhala zokonzeka mvula ikakhazikika mu Disembala. Tisabzale paini ndi bulugamu zokha. Tiikepo mbawa ndi mikuyu m'mbali mwa mitsinje, mlombwa ndi muwanga m'malo oyenera, ndiponso masuku kuti ana adzadye. Alangizi a za nkhalango ali pafupi, atiuza mtengo woyenera dothi lililonse. Koma kubzala si ntchito, ntchito ndi kulera. Ife tinabzala mu Januwale n'kuiwala mu Febuluwale. Mbande imafuna kupalira, kuitchinga ku mbuzi, ndi kulambula njira zotchinga moto chilimwe chisanafike, kwa zaka zitatu zoyamba. Choncho kalasi iliyonse itenge chigawo chake, isankhe munthu mmodzi wodzapereka lipoti pa msonkhano uno chaka ndi chaka, kunena kuti tinabzala ingati ndipo yamoyo ndi ingati. Tikambiranenso ndi mafumu ndi anthu a m'midzi yozungulira kuti nawonso alandire mbande zawo, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu wosowa nkhuni simungamuletse ndi chikwangwani. Kalasi ya 1979 tagwirizana kale kuti tigula machubu ndi makheni othirira.

Kwa inu ophunzira amene mwakhala kumbuyoko, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mukapeza mpata, tsikani Khwekhwerere mukaone dziko lanu, ndipo mnzanu akakuitanani kwawo musadikire zaka 40.

Ambiri a ife mbawa imeneyi sitidzakhala pamthunzi wake, koma nafenso tinakhala pamthunzi wa mitengo imene sitinabzale. Ndikupempha kuti tiime kwa mphindi imodzi pokumbukira mnzathu ndi ena onse amene anatisiya chaka chino, kenaka Bambo Wapampando atitsogolere pa nkhani ya nazale.