Atsikana a Mtundu wa Agaro ndi Alendo Awo

Pa chikondwerero chino tiyeni tiponye maso kutali ku Bangladesh, ku Dayosizi ya Mymensingh imene inakhazikitsidwa mu 1987. Kumeneko kuli Agaro, anthu oŵerengera mtundu kuchikazi monga ife Acheŵa. Nyumba ndi munda zimatsalira mwana wamkazi, kaŵirikaŵiri mzime. Koma umphaŵi umapirikitsira atsikana ambiri ku mzinda wa Dhaka kukakonza tsitsi la olemera. Akatolika odzipereka ochokera ku maiko ena amakhala nawo pa mishoni, namadya nawo mpunga, namawaphunzitsa. Pakuti mtsikana wodziŵa kuŵerenga chikalata salandidwa msanga munda wa amake. Nanga ife, amene tinalandira alendo otere zaka zoposa 100 zapitazo, tatuma yani?