Mwana Akamabwera ku Ntchito Ali Wolefuka



Ambiri a ife tili ndi ana pa ntchito m'maofesi, m'zipatala ndi m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Mwana wa mnzathu wina anayamba kufika kunyumba usiku, nsima osaigwira, Loweruka n'kumangogona. Ife tinati ndi ulesi. Ena anati wamlodza mnzake wofuna mpando wake. Chonsecho bwana wake ankamkalipira pamaso pa anthu, anzake namakamneneza kuseri. Tinangomuuza kuti, "Pirira mwanawe, ntchito njosowa." Tinalakwa amai, pakuti anadwala kufikira kugonekedwa m'chipatala.

Kupirira nkwabwino, koma lamulo liripo. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 likuti ntchito ya pa mlungu ndi maola 48, opitirira apo alipidwe mwapadera. Wogwira masiku 6 pa mlungu apume masiku 18 pa chaka, malipiro akulandira. Mwana wanu azilemba m'kabuku tsiku ndi mau amene wanenedwa, ndipo asakhale nawo pa miseche ya nthawi ya tiyi. Zikakanika, ofesi ya Leba ili pa boma.

Tsono chotiwawa nachi. Mtsikana wotigwirira ntchito kunyumba amadzuka tambala woyamba, nagona ife titagona kale. Mbale ikasweka timamnena ngati waba ng'ombe. Kodi tchuthi tinampatsa liti? Pa msonkhano ukudzawu tidzafunsana mmodzimmodzi, kuyambira ife a komiti.