Citsulo ca m'Konkire ndi Mphepo ya Novembala

Lero tikambirane za denga la malata, popeza ambiri a inu mukagulitsa cimanga mumanga nyumba za mabuloko monga zija za ana anu ku Lusaka.

Kumanga kotere kunakula m'makomboni kuyambira 1974, pamene Boma, ndi ngongole ya World Bank, linayamba kukonza Chawama ndi George ndi kubwereketsa anthu zipangizo zomangira. Zipupa zinalimba ndithu. Koma amene anayendako kumeneko kapena ku Kanyama adziwa kuti pa madenga ambiri pali miyala ndi matayala akale. Eni ace aopa mphepo ya mvula yoyamba. Mphepoyo ikamadutsa pamwamba pa malata iwayamwa, ndipo ikalowa pakhomo iwatukula ca pansi. Mwala suthandiza kwenikweni, ndipo tsiku lina udzagwera mwana. Denga liyenera kumangidwa ku cipupa ndi waya kapena mabauti omizidwa m'konkire.

Tsono mvetsani khalidwe la konkire. Pomsenzetsa katundu ali wamphamvu, koma pomkoka mphamvu yace ili ngati gawo limodzi mwa magawo 10 cabe. Cifukwa cace kawirikawiri citsulo siciduka ai. Konkire ndiye asweka, ndipo citsulo cizuka pamodzi ndi cibuma, monga cinangwa cizuka ndi dothi lace. Citsulo cikamira kwambiri, cibuma coti cizuke cikulanso. Bauti yomira masentimita 10 igwira pafupifupi katatu kuposa yomira masentimita 5, osati kawiri. Cibumaco citambalala mbali zonse, motero bauti yoikidwa m'mphepete ingobenthula konkire, ndipo ziwiri zoyandikana zilimbirana cibuma cimodzi. Citsulo coongoka ndi cosalala cingosololoka. Cipindeni kunsonga ngati mbedza.

Pamwamba pa cipupa thirani lamba wa konkire wozungulira nyumba yonse, wokhala ndi zitsulo m'kati. Waya wa denga akole pansi pa zitsulozo konkire asanathiridwe. Amisiri ena aulesi angokoleka waya pa buloko ya pamwamba, ndipo denga liuluka nayo bulokoyo.

Musaumire simenti. Sakanizani muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mcenga woyera ndi inai ya miyala, madzi pang'ono, ndipo tsinyirani bwino pozungulira citsulo. Thirirani masiku 7. Mphamvu yace ikwanira pa masiku 28. Waya akhale wokutidwa, pakuti dzimbiri litupa ndi kung'amba konkire.

Inu a zigayo, mau awa ali anunso. Cigayo cinjenjemera tsiku lonse, ndipo bauti yosamira bwino igwedera pang'onopang'ono kufikira maziko asweka. Musacilize masiku 28 asanakwane, ndipo manati ace muziwayesa ndi sipanala sabata ndi sabata.

Tsalani bwino.